Za Nyuzi Zoimba Ng'oma ya Nkhondo

Abale athu owerenga, a kuno ku Nancholi ndi a m'midzi yonse kumene kalata uyu afika, mwezi uno tiri ndi mlandu, ndipo tifuna kuunena poyera pa bwalo. Mlanduwo tiri nao ndi anthu a mitundu iwiri. Oyamba ndiwo amene aphunzitsa dziko kuti ulemu wa mtundu wa anthu uli pa mfuti. Aciwiri ndiwo olemba nyuzi ndi olankhula pa wailesi amene, pomveka mfuti, aleka nchito yao ya kufunsa ndi kunena zoona, nasanduka oimbira nkhondo ng'oma. Ndipo ife tomwe owerenga sitipulumuka pa mlanduwu, pakuti ng'oma siicezera usiku wonse popanda obvina.

Tayendani madzulo pa mseu wa ku Chikwawa, kuyambira ku Manase kufikira kwathu kuno. Mudzapeza anyamata ataunjikana pa lamya ya m'manja imodzi, alikupenya ndege zoponya mabomba pa mudzi wakutali umene sadziwa ngakhale dzina lace. Nyumba ikagwa apfuula monga apfuulira cigoli pa bwalo la mpira. Wina ali mbali iyi, mnzace mbali iyo, natsutsana za ukulu wa mizinga monga ngati anaisula ndiwo. Palibe mmodzi afunsa kuti, Kodi m'nyumba yagwayo munagona yani? Koma tisawadzudzule okha anyamatawo. Kapenyedwe kotere anakaphunzira kwa iye amene anajambula cithunzico, amene anawaonetsa moto nawabisira maliro.

Tisanapite patali tisiyanitse zinthu ziwiri, kuti wina angatimve molakwa. Sititsutsana naye msilikari. Msilikari ndi mwana wathu, anabadwa m'nyumba zathu zomwezi, ndipo dziko liyenera kukhala nao olilinda, monga mwini munda amanga cilindo cifukwa ca anyani ndi nguluwe. Cimene titsutsana naco ndi nthenda ya kukonda nkhondo. Nthendayo ifanana ndi mwini munda amene agulitsa mbeu, nagulitsa khasu, kuti akuze cilindo, kufikira kuti palibenso munda wakuulinda. Zizindikiro zace zidziwika: ndalama za mankhwala ndi za sukulu zipita ku zida; anyamata aphunzira kuguba asanaphunzire kulingalira; munthu wofunsa funso ayesedwa wopereka dziko kwa adani. Ndipo nthenda imeneyi siingakule yokha iai. Ifuna woinyamula kuifikitsa m'makutu a anthu, ndipo wonyamulayo kawiri kawiri ndiye pepala la nyuzi, wailesi ndi kanema.

Zimenezi sitinazimve kwa alendo. Zinacitika m'dziko lathu lino, ndipo zina za izo mu Blantyre mommuno. M'caka ca 1914 mafumu a ku Ulaya anayambana, ndipo moto wao unafika pa nyanja yathu atapita masiku owerengeka okha. Pa 13 Ogasiti sitima ya Angerezi, dzina lace Guendolen, inafika pa dooko la Sphinxhaven, kumene lero ati Liuli m'dziko la Tanzania, niombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda irikukonzedwa. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Koma nyuzi za ku London zinabukitsa kanthuko monga cigonjetso ca nkhondo ya pa madzi. Taonani mayambidwe a ng'oma: sitima yosayenda, ya munthu wosadziwa kanthu, yasanduka ulemerero wa ufumu waukulu, ndipo owerenga akondwa nayesa kuti nkhondo ndi masewera.

Sanali masewera. Pa 9 Seputembala caka comweco anamenyana ku Karonga, ndipo ocuruka a iwo amene anagwa, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Mbali ino anali ana a dziko lino a m'gulu la King's African Rifles, limene makolo athu anati Keyala. Mbali inayo anali akuda anzao obvala zobvala za Ajeremani. Anaphana pa mlandu umene sanaone ciyambi cace, wa mafumu amene sanawaone nkhope. Ndipo sikanali koyamba. M'caka ca 1900 asilikari a kuno anatengedwa kunka ku nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero ati Ghana, ndipo zaka za 1902 kufikira 1904 anakamenya nkhondo ku Somaliland, kumene ambiri anatsala osabwera.

Tsono panali munthu mmodzi amene sanathe kukhala cete, ndiye mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'dziko la Chiradzulu. Iye sanayambe ndi kutenga mkondo. Anayamba watenga colembera, nalembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, imene inali kusindikizidwa mu Blantyre, ndipo ndiyo kholo la nyuzi imene lero ati Daily Times. M'kalatamo anadandaula kuti pa nthawi ya mtendere munthu wakuda sawerengedwa kanthu, koma ikadza nkhondo akumbukika msanga kuti akakhetse mwazi. Anafuna kudziwa cimene anthu a dziko lino adzapindula nkhondo itatha. Ananenanso kuti ngati nkhondo iyenera kumenyedwa, akaimenye eni cuma ndi eni minda amene ali nako kanthu kakuteteza, osati amphawi amene pakufa asiyira akazi ndi ana ao usiwa wokha. Kalatayo inalowa m'nyuzi ya pa 26 Novembala 1914. Koma woyang'anira zosindikiza wa Boma, amene anaikidwa cifukwa ca nkhondo, analamula kuti icotsedwe, ndipo sinafike kwa owerenga ambiri.

Imani pamenepa, abale, mulingalire. Kodi m'kalata muja munali cinsinsi canji ca nkhondo? Kodi inaululira Ajeremani njira ya asilikari, kapena kucuruka kwa zipolopolo? Iai, munalibe zotere. Munali funso lokha la munthu wosenza katundu, kufunsa kumene katunduyo alikunka. Funso limenelo ndilo anaopa, pakuti nkhondo iopa funso koposa mfuti ya mdani. Miyezi iwiri isanathe, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anauka. Anapha azungu atatu ku Magomero ndi pafupi pace, ena nafika kuno ku Mandala kudzafuna mfuti. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa kumbali ya ku Mulanje, nyumba yace yopemphereramo inagumulidwa, ndipo ambiri a anthu ace ananyongedwa kapena kuomberedwa. Sitikondwera ndi mwazi umene unakhetsedwa usiku uja, ndipo tidziwa kuti zifukwa zinalipo zinanso, monga thangata ndi nkhanza za pa minda ya azungu. Koma tinena ici: wotseka pakamwa pa munthu wodandaula sanacotse dandaulo, walikankhira m'manja mwace.

Ndipo funso lija la Chilembwe linayankhidwa ndi zaka zinai zotsatira. Nkhondo imene makolo anati ya Ciwaya, cifukwa ca mfuti yolira kosaleka, inatenga m'dziko lino asilikari ngati 19,000, ndi amuna ngati 200,000 a nchito ya tengatenga, pamene anthu a dziko lonse anangopitirira pang'ono 1,000,000. Kunalibe miseu ya magalimoto kumene nkhondo inali kuyenda, cifukwa cace ufa, zipolopolo ndi mahema zinayenda pa mitu ya anthu, kudutsa mapiri a kumpoto kulowa m'dziko la Ajeremani, ndipo pambuyo pace m'dziko la Apwitikizi, pamene kazembe wa Ajeremani von Lettow-Vorbeck anaoloka Rovuma m'caka ca 1917. Amuna anagwidwa m'midzi usiku, ena nathawira kuthengo. Mafumu okana kupereka anthu anaopsezedwa. Amtengatenga anafa zikwi zambiri, osati ndi zipolopolo makamaka, koma ndi njala, kamwazi, cibayo ndi kutopa. Kumudzi minda inagonera, ndipo nkhondo itangotha m'caka ca 1918 cimfine cacikulu cija cinapeza anthu ali ofooka kale, nicikolola.

Nanga nyuzi za masiku aja zinalemba ciani za iwo? Zazikulu zinali za azungu, m'cinenero ca azungu; zinachula maina a akazembe ndi a azungu ogwa pa nkhondo, koma wosenza katundu anafera m'mbali mwa njira wopanda womlemba. Ku Zomba kuli nsanja ya cikumbutso ca asilikari a Keyala, ndipo ciri cinthu coyenera. Koma manda a amtengatenga adziwa ndani? Zitapita zaka zoposa 100, m'caka ca 2021, bungwe la Angerezi losamala manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ocuruka a iwo a mu Africa, amene anafa potumikira Britain pa nkhondo ija, sanakumbukidwe ndi maina ao monga anakumbukidwa azungu. Coonadi cinafika, koma cinapeza akazi amasiye ndi ana ao atagona kale kumanda. Nyuzi yonena zoona zitapita zaka 100 iri ngati mankhwala ofika pa tsiku la kumeta.

Pa nkhondo yaciwiri, ya 1939 kufikira 1945, Boma linali litacenjera. Linaona kuti kutseka pakamwa kokha sikukwanira, koma liyenera kulankhula lokha ndi anthu m'cinenero cao. Cifukwa cace linafalitsa nyuzi ya Cinyanja, Nkhani za Nyasaland. Ku Northern Rhodesia kunali Mutende. M'caka ca 1941 anatsegula nyumba ya wailesi ku Lusaka, imene inalankhulanso Cinyanja. Ndipo magalimoto a kanema anayendayenda m'midzi kuonetsa asilikari onenepa, obvala bwino, olandira ndalama. Amuna a dziko lino ngati 30,000 analembedwa, nakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku nkhalango za Burma. Sitikana kuti ufumu wa Hitler unali woipa ndi woyenera kugwetsedwa. Koma taonani kuti nyuzi ya Boma ya m'cinenero cathu inabadwa ndi nchito ya kuitana, osati ya kumvera. Mwini ng'oma anali yemweyo wofuna asilikari. Ndipo mwini ng'oma saimba nyimbo yomtsutsa.

Cina cinacitika cimene akulu ambiri a ku Limbe ndi ku Blantyre acikumbukira. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko liri pa ngozi, asilikari atafika kale kucokera ku Southern Rhodesia. Mbiri inabuka, ninenedwa m'Nyumba ya Malamulo ku London ndi m'nyuzi zambiri, yakuti a Congress anapangana kupha azungu onse pamodzi. Cifukwa ca mbiriyo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu, ambiri a iwo ku Kanjedza, pafupi pathu pompa. Anthu akuda 51 anaphedwa, ndipo ena a iwo anagwa pa dooko la Nkhata Bay. Koma pamene woweruza Devlin ndi anzace anafufuza, nalemba zopeza zao m'mwezi wa Julaye caka comweco, anati pangano lakupha azungu onse monga linanenedwa sanalipeze, ngakhale kunali kulankhula za ciwawa. Anatinso dziko lino lasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Mzungu ngakhale mmodzi sanaphedwe. Mbiri inatsogola, mfuti zinatsata, coonadi cinadza m'mbuyo cirikutsimphina. Olemba nyuzi akadafunsa umboni poyamba, kapena maliro ena sakadakhalapo.

Wina adzati, Zonsezo zinali za atsamunda. Tikadakonda kuti zikhale tero, koma nthendayi siisankha khungu. M'caka ca 1963 linakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers, loti liphunzitse anyamata ulimi ndi mwambo; koma m'kupita kwa zaka linakhala nazo mfuti zace, niliopedwa m'misika ndi pokwerera mabasi, mwa ife eni dziko. Wailesi inali imodzi, ya MBC. Nyuzi zazikulu, Daily Times ndi Malawi News, zinali m'manja mwa olamula. Ndipo lamulo la 1968 linaika bungwe loyesa zoyenera kuwerengedwa ndi zosayenera. Ndani akadalemba kufunsa cifukwa cace cipani ciri ndi asilikari ace ace? Mfutizo zinacoka m'manja mwao m'mwezi wa Disembala 1993, pamene asilikari a dziko anawalanda zida pa nchito imene anati Bwezani, ndipo mwazi unakhetsedwa. M'zaka zomwezo nkhondo inayaka ku Mozambique, othawa oposa 1,000,000 nalowa m'dziko lino, ambiri a iwo kumunsi kwa mseu wathu womwewu, ku Chikwawa ndi ku Nsanje; asilikari athu anakalinda njanji ya ku Nacala. Koma ukulu wace wa nkhondoyo tinaumva bwino kwa othawa okha, ndi pa wailesi zakunja zimene anthu anamvera motsitsa mau.

Tikapenya kunja tiona comweco, koma cokula. Ku Rwanda m'caka ca 1994 wailesi ya RTLM inayesa anthu anzao mphemvu, ninena kumene abisala, ndipo anthu ngati 800,000 anaphedwa m'masiku 100. M'caka ca 2003 bwalo la milandu la maiko onse linatsutsa akulu a wailesiyo, ngakhale mlandu wao sunali wa kugwira cikwanje ndi manja ao. M'caka comweco ca 2003 America ndi Britain analowa m'dziko la Iraq ponena kuti muli zida zoononga anthu ambiri nthawi imodzi. Nyuzi zomveka zinabwereza mauwo, zidazo sizinapezeke, ndipo m'caka ca 2004 nyuzi ya New York Times inabvomera kwa owerenga ace kuti sinafunsitse monga kuyenera. Ku Russia m'caka ca 2022, atalowa m'dziko la Ukraine, anaika lamulo lakuti wofalitsa za asilikari zimene Boma liziyesa zabodza akhoza kumangidwa kufikira zaka 15. Ndipo bungwe la SIPRI la ku Stockholm, lowerengera zida, linapeza kuti m'caka ca 2024 maiko onse pamodzi anatayira pa za nkhondo ndalama za America zoposa 2,700 biliyoni. Musayese kuti ziri kutali. Pamene nkhondo ya ku Ukraine inayamba, mtengo wa feteleza ndi wa mafuta unakwera kufikira pa minda yathu. Tengatenga sanathe, wangosintha katundu.

Tsono timve otitsutsa, pakuti mlandu suweruzidwa ndi mbali imodzi. Oyamba ati, Pa nkhondo pali zinsinsi. Mukalemba zonse mupereka ana athu kwa adani. Tibvomera. Wolemba amene aulula kumene asilikari agona usiku uno, kapena njira imene adzayenda mawa, ali ndi mwazi m'manja mwace. Koma cinsinsi cotere ciri ca masiku owerengeka, ndipo cibisidwa kwa mdani. Pali cinsinsi cina cimene mdani acidziwa kale, ndipo cibisidwa kwa ife: cifukwa ceni ceni ca nkhondoyo, ndalama zimene idya, kucuruka kwa akufa, ndi maina a opindula nayo. Mdani adziwa amene anawapha. Wosadziwa ndiye mai wa wophedwayo. Kubisa kotere sikuteteza msilikari iai, kuteteza amene anamtuma. Ndipo olamula akonda kusanganiza zinsinsi ziwirizi m'thumba limodzi, kuti wofunsa za caciwiri amnenere mlandu wa coyamba.

Aciwiri ati, Kufunsa pa nthawi ya nkhondo kufooketsa asilikari, ndipo kusonyeza kusakonda dziko. Ife titi, Kodi akonda mwana ndani: iye womuombera m'manja popita, kapena iye wofunsa ngati wadya, ngati ali nazo zida zokwanira, ndi tsiku limene adzabwera? Asilikari a Malawi akhala zaka zambiri pa nchito yosungitsa mtendere ku Congo. M'mwezi wa Novembala 2018 asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa kufupi ndi Beni. M'mwezi wa Januwale 2025 atatu anagwa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma, ndipo pambuyo pace Boma linalamula kuti akonzekere kubwera amene anapita m'dzina la SADC. Maliro amenewa ananenedwa poyera m'nyuzi ndi pa wailesi, anthu nafunsa mafunso, ndipo dziko silinagwe cifukwa ca ico. Ufulu umenewu sitinali nao kale, tiusamale. Koma tipempha olemba kuti asalekere pa tsiku la malipenga ndi mbendera pa bokosi. Apitenso caka citatha ku nyumba ya wamasiyeyo, akaone ngati malonjezo anakwaniridwa, ndi ngati ana ali pa sukulu. Kumeneko ndiko kulemekeza msilikari.

Acitatu ati, Ife ndife dziko laling'ono ndi lamtendere. Zimenezi zitikhudza bwanji? Anthu a ku Karonga anayesa comweco m'mwezi wa Julaye 1914. Akulu anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Pakati pa ife ndi anansi athu sipasowa nkhani za malire, za nyanja ndi za malonda, ndipo nthawi iri yonse ikauka nkhani yotere mumva anthu ena pa wailesi ndi pa intaneti alikuitana nkhondo, iwo ali khale pa mpando, odziwa kuti sadzasenza mfuti kapena thumba la ufa. Ndipo pali cinthu catsopano cimene makolo athu sanacione. Kale nyuzi inali ndi nyumba yace ndi mkonzi wace wodziwika, woti n'kumfunsa. Lero ali yense wokhala ndi lamya ndiye wofalitsa nyuzi. Cithunzi ca nkhondo ya kale cilembedwa kuti ca dzulo. Ca dziko lina cilembedwa kuti ca pa malire athu. Ndipo makina atha kupanga cithunzi ndi mau a cinthu cimene sicinacitike konse. Munthu wa mu mpingo amene sanganame pa bwalo la mfumu atumiza bodza lotere kwa anthu makumi asanu ndi cala cimodzi, osadziyesa wonama.

Cifukwa cace tilankhula kwa inu olemba nyuzi ndi olankhula pa wailesi, a ku Ginnery Corner, a ku Chichiri ndi a kwina konse. Nchito yanu ikula mtengo tsiku limene mfuti ilira, pakuti tsiku lomwelo anthu onse aleka kufunsa, ndipo mutsala ndinu. Musalandire mau a wolamula monga ngati mwaona ndi maso. Nenani kuti wanena ndi uje, ndipo funsani umboni wace. Werengani akufa a mbali zonse ziwiri, pakuti onsewo anabadwa mwa akazi. Musachule mtundu wa anthu ndi maina a zirombo kapena a tizirombo, cifukwa dzanja lipha mosabvuta cimene pakamwa pacicotsa kale umunthu. Ndipo ikafika pa khomo panu kalata ya munthu wosauka yofunsa cifukwa cace mwana wace alikupita, isindikizeni, ngakhale iwawa. Tidziwa kuti kulimba mtima kotere kuli ndi mtengo wace, ndipo ena anaulipira m'ndende. Koma nyuzi yoopa kufunsa isiyana bwanji ndi lipenga la ku kamba ya asilikari?

Ndipo inu abale a m'midzi, amene muwerengera anzanu kalata uyu pa khonde, musayese kuti mulibe mphamvu. Mukamva mbiri ya nkhondo, kapena mau oitana nkhondo, citani monga mucita pogula mbuzi pa msika, pamene simukhulupira mau a wogulitsa musanaipenye mano. Funsani kuti wanena ndani, ndipo iye anaona kapena anangomva. Funsani kuti adzapindula ndani mukakhulupira. Funsani kuti amene sanalankhule m'nkhaniyi ndani, pakuti kawiri kawiri wosalankhulayo ndiye wosenza katundu. Musatumize kwa wina cimene simungacibvomere pamaso pa akulu. Ndipo mukapeza ana anu alikusekera nyumba yakugwa pa kanema, musawalande lamya cabe. Khalani nao pansi, muwauze za agogo ao amene anacoka ndi katundu pamutu kunka kumpoto, osabweranso. Pafupi banja liri lonse la dziko lino liri naye wotere, ngakhale dzina lace laiwalika. Nkhondo siimanga mudzi: anatero amene anaiona.

Lero nkhope ya John Chilembwe iri pa ndalama zathu za mapepala, ndipo pa 15 Januwale caka ndi caka dziko lipuma nchito kumkumbukira. Pa tsikulo ambiri asimba za usiku wa ku Magomero, koma owerengeka akumbukira kuti munthuyo anayamba ndi kalata, ndi kuti kalatayo inacotsedwa m'nyuzi mu Blantyre mommuno. Kusenza nkhope yace m'thumba n'kosabvuta. Cobvuta ndico kulola funso lace lifunsidwe m'masiku athu, ngakhale wolifunsa ali wosauka, ngakhale wofunsidwayo ali wa mtundu wathu ndi wa cipani cathu. Tsiku limene tidzamva ng'oma irikuyamba, ndipo wina mwa ife aimirira kufunsa kuti tirikunka kuti, tisakhale ife ocotsa kalata yace. Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wa mawa.